Wilu ya agogo si ya mkangano wokha, muli mayina athu

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga pang'ono mu nyuzipepala yathuyi ndikambeko za mapepala amene ambirife timawakumbuka tsiku lokhalo lomwe tayambana, ndikunena mawilu ndi zikalata za malo. Munthu akangomva mawu oti wilu chomwe chimabwera m'mutu ndi chuma cha masiye, kulandana katundu, maloya, khothi, abale osalankhulana zaka khumi. Chikalata cha malo nachonso chimatuluka m'sutikesi tsiku lomwe neba wasuntha malire kapena kwabwera wogula, nkhaniyo ikatha pepala limabwerera pansi pa zovala mpaka chiswe chidzalipeze. Inetu ndikufuna kunena kuti m'mapepala amenewa muli chinthu choposa munda ndi nyumba. Muli mayina a anthu athu, ndipo nthawi zambiri ndi pokhapo pomwe mayinawo analembedwapo.

Zinandichitikira ine mwini. Bambo anga aakulu atatisiya, tikulongosola katundu wawo, tinapeza kajumbo kokulungakulunga pansi penipeni pa thiranki. M'kati munali mapepala ofiirira chifukwa cha ukalamba, ena omatana, ena chiswe chitadya m'makona. Limodzi linali wilu ya agogo anga aamuna, bambo awo a bambo, masamba awiri otayipa pa makina akale aja, zilembo zina zikungooneka ngati timadontho. Abale anathamangira kuona kuti munda anapatsa ndani, koma atangokumbutsana kuti malowo anagulitsidwa kalekale ife tisanabadwe chidwi chonse chinathera pomwepo, wina mpaka anati tayani izo zikungodzadza malo. Ndinapempha kuti ndizitenge. Usiku ndinakhala pansi kuwerenga mzere ndi mzere ndikuwunikira ndi tochi ya pafoni chifukwa inki inali itazimiririka, ndipo pa tsamba lachiwiri ndinapeza agogowo akusiyira makina osokera mwana wawo wamkazi, wa kwa mkazi wawo woyamba amene anamwalira. Mkazi woyamba? Ife tonse tinakula tikudziwa agogo aakazi amodzi basi. Dzina la mwanayo linali pompo, lotayipa bwinobwino, ndipo sindinalimvepo chibadwire.

Loweruka lake ndinapita kwa azakhali, okhawo otsala mwa ana a agogowo, maso awo anayamba kale kuvuta. Ndinawawerengera dzina lija momwe linalembedwera. Anakhala chete kanthawi manja ali pa maondo, kenako anati walitchula molakwika mwanawe, n'kulitchula iwowo bwinobwino, wotayipa uja anadumpha chilembo chimodzi. Ndiye anayamba kufotokoza. Anali mkulu wawo, ndi amene ankawabereka kumbuyo mayi akadwala, ankadziwa kusoka kwabasi n'chifukwa chake makina anapita kwa iye, anakwatiwa kutali, makalata ankabwera zaka zoyamba kenako anangosiya. Analankhula mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikujambula mawu pafoni, pena akuseka pena akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Pomaliza ndinawafunsa kuti nanga bwanji simunatiuzepo zaka zonsezi azakhali? Anandiyang'ana n'kuti, anandifunsa ndani?

Funso limenelo silichoka m'mutu mwanga mpaka lero. Sitinafunse chifukwa sitinkadziwa choti tifunse, munthu sungafunse za munthu amene sukudziwa kuti anakhalako. Pepala lija ndi lomwe linandipatsa funso. Anthu ena amati mbiri ya banja ili m'kamwa mwa akuluakulu, za mapepala ndi za anthu ophunzira, ena amati ayi zapakamwa n'zosadalirika bola zolembedwa. Ine ndaona kuti ziwirizi zimafunana. Wilu inasunga dzina koma inalilemba molakwika ndipo sinanene kuti munthuyo anali wotani, azakhali anasunga nkhope ndi mtima wake koma akanapita nazo kumanda pakanapanda wina kutchula dzinalo pamaso pawo.

Chichitikireni zimenezi ndakhala ndikuwerenga momwe anthu ofufuza mbiri za mabanja amagwiritsira ntchito mapepala amenewa, ndipo abale inu, wilu ndi mgodi. Munthu polemba wilu amakhala akuwerenga anthu ake mmodzimmodzi kuti asasiye wina, ndiye amatchula mkazi, ana, kawirikawiri motsatana ndi kubadwa kwawo, ana aakazi amawatchula ndi mayina a amuna awo ndiye ukudziwiratu kuti uyu anakwatiwa kubanja lakuti, zidzukulu zomwe makolo awo anamwalira, mlongo wake wamasiye, ngakhale wantchito amene anakhala naye nthawi yaitali. Ndi mapepala ochepa omwe amasonkhanitsa banja lonse pa tsamba limodzi chonchi. Satifiketi ya kubadwa imakupatsa anthu atatu basi, mwana, mayi ndi bambo. Komanso wilu imakhala ndi madeti awiri, tsiku lomwe inasainidwa ndi tsiku lomwe khothi linaivomereza mwiniwake atamwalira, ndiye olo manda ake asadziwike ukudziwa kuti anamwalira pakati pa masiku awiri amenewo.

Musadumphe tinthu ting'onoting'ono. Anthu amathamangira pa munda ndi nyumba koma moyo wa munthu umaonekera pa zomwe ankagwira m'manja tsiku ndi tsiku. Makina osokera aja anandiuza zambiri kuposa maekala. Munthu akusiya zida za ukalipentala, ukonde wa nsomba, mabuku atatu, wotchi, njinga, ndiye kuti wakuuza ntchito yake, wakuuza ngati ankadziwa kuwerenga, wakuuzanso mwana amene ankamuona kuti atengera luso lake. M'mayiko ambiri munthu akamwalira ankalembanso mndandanda wa katundu wake yense chipinda ndi chipinda ndi mtengo wake, ukamawerenga zimakhala ngati walowa m'nyumbamo ukuona mpando uli apa bedi lili apo. Ndipo pamakhalanso ngongole, amene iye anawakongola ndi amene anamukongola, amenewo ndi anthu omwe ankayenda nawo.

Mboni nazonso musazinyoze. Ku England lamulo la mawilu la 1837 linati wilu isainidwe pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, ndipo mboni siingalandire kanthu mu wilu yomweyo, mayiko ambiri anatengera lamulo limeneli. Ndiye mboni kawirikawiri sakhala mwana kapena mkazi, amakhala neba, bwenzi la pamtima, mnzake wa kuntchito kapena wa kutchalitchi. Pa wilu ya agogo anga mboni imodzi inasaina ndi dzanja lokongola la munthu wozolowera cholembera, inayo inadinda chala, kachidindo kake kakuonekabe mizeremizere. Nditawerengera azakhali dzina la wodinda chalayo anangoti aa, ameneyo ndi amene ankadzatimetera tsitsi tili ana. Munthu amene mwina palibe pena paliponse pomwe dzina lake linalembedwa, chala chake chili m'nyumba mwanga.

Koma pofunika kusamala, pepala silinama dala koma likhoza kukusokeretsa. Mwana akapanda kutchulidwa mu wilu kapena akapatsidwa kachinthu kochepa, musafulumire kunena kuti anadana ndi bambo ake, nthawi zambiri ndi woti analandira kale gawo lake pomwe ankakwatira kapena poyamba bizinesi. Za masipelo ndanena kale, kalaliki amalemba zomwe khutu lake lamva, dzina limodzi mukhoza kulipeza litalembedwa mitundu itatu m'mapepala atatu, ndiye muzilitchula mokweza kuti mumve ngati ndi lomwelo. Vuto lalikulu ndi mawu a chibale pamene pepala lalembedwa m'chinenero chomwe banjalo silinkalankhula pakhomo. Taganizani, ife tili ndi amalume, bambo aang'ono, bambo aakulu, anthu osiyana kotheratu, koma Chingerezi chimawaunjika onsewo m'mawu amodzi. Munthu akauza wolemba kuti uyu ndi mwana wanga, akhoza kukhala mwana wa mchimwene wake, wolemba n'kungotayipa kuti mwana. Ngakhale m'Chingerezi chakale chomwecho mawu ankasintha, mawu omwe lero amatanthauza mkamwini kale ankathanso kutanthauza mwana womupeza. Ndiye chilichonse chomwe mwapeza pa pepala kachiyeseni ndi pepala lina kapena ndi munthu wamkulu.

Tsopano zikalata za malo. Poyamba ndinkaziona ngati zouma, manambala a puloti, mapu, mabikoni, chidindo cha ofesi. Koma zakale zija asanayambe kuyeza ndi makina zinkafotokoza malire ndi mawu, kuyambira pa mtengo waukulu wakuti, kutsata mtsinje mpaka pa mwala, chakum'mawa kuchita malire ndi munda wa uje, chakumadzulo ndi munda wa uje. Ndiye ukangowerenga malire wapeza mudzi wonse. M'kajumbo kaja munalinso pepala logulira malo omwe anagulitsidwa aja, ndipo neba wa mbali imodzi anali ndi dzina la kubanja kwa agogo anga aakazi, mkazi wachiwiri uja. Apa mpomwe ndinamvetsa kuti anthu awiriwa sanakumane kutali, minda yawo inkagundana malire. Palibe anandiuzapo, linandiuza ndi pepala lomwe anthu ankafuna kutaya.

Chikalata cha malo chimakuuzanso kuti munthu anafika liti pamalo ndipo anachoka liti, pena chimanena komwe ankachokera pomwe ankagula. Malo akagulitsidwa ndi ana onse pamodzi bambo atamwalira, aliyense amayenera kusaina, ndiye mumapeza mndandanda wa ana onse ndi komwe aliyense ankakhala nthawi imeneyo olo bamboyo sanasiye wilu. Ku America m'madera ambiri mwamuna akamagulitsa malo mkazi wake ankayenera kufunsidwa payekha ngati akuvomera kusiya gawo lomwe akanalandira atakhala wamasiye, ndipo chifukwa cha lamulo limenelo mayina a azimayi ambirimbiri anapulumuka, omwe sakupezeka pena paliponse. Komweko lamulo la Homestead la 1862 linkapereka maekala 160 kwa munthu amene wakhala pamalo ndi kulima zaka zisanu, koma kuti apatsidwe chikalata ankayenera kubwera ndi mboni ziwiri n'kufotokoza nyumba yomwe wamanga, mbewu zomwe wabzala ndi anthu a m'banja lake, mafayilo amenewo alipobe ndipo zidzukulu zimakawerenga kukula kwa kanyumba komwe agogo awo anayambira moyo. Dongosolo lomwe mayiko ambiri akutsata lero, loti boma likhale ndi kaundula mmodzi n'kupereka satifiketi ya umwini, linayambira ku South Australia mu 1858 ndi Robert Torrens. Ndi labwino poteteza wogula, kungoti satifiketi yatsopano siifotokoza nkhani ngati momwe mulu wa zikalata zakale unkachitira, ndiye olo mwalandira yatsopano zakalezo musataye.

Mayiko omwe anasunga mapepala awo akudya phindu lake lero. Ku England, mpaka chaka cha 1858 mawilu ankavomerezedwa ndi makhothi a tchalitchi, ndipo khothi lalikulu la Canterbury lokha linasiya mawilu oposa miliyoni imodzi kuyambira 1384, akusungidwa ku National Archives, nyumba yosungira zolemba za boma ku Kew, ndipo munthu akhoza kuwafufuza pa intaneti. Komweko kulinso buku la Domesday la 1086, lomwe mfumu William analamula kuti alembe malo oposa 13,000, mwini wake ndani, anali ndani kale, pali makasu a ng'ombe angati. Ku Scotland kaundula wa malo wotchedwa Register of Sasines anayamba mu 1617 ndipo mpaka lero ukhoza kutsata puloti imodzi kubwerera m'mbuyo zaka mazanamazana. Koma mu Domesday momwemo mayina omwe analembedwa ndi a eni malo, alimi wamba anangowerengedwa kuti alipo angati. Apa mpomwe pali nkhani yomwe imandipweteka mtima.

Mapepala amenewa analembedwa ndi anthu okhala ndi chuma, za chuma chawo. Wosauka sankalemba wilu, alembamo chiyani? Ku England mkazi wapabanja sankatha kulemba wilu popanda chilolezo cha mwamuna wake mpaka malamulo atasintha, makamaka mu 1882, n'chifukwa chake mawilu akale a azimayi ambiri ndi a amasiye ndi osakwatiwa. Komabe chodabwitsa n'choti anthu oponderezedwa kwambiri padziko pano akupezeka m'mapepala omwewo a anthu omwe ankawapondereza. Ku America kalembera wa 1850 ndi wa 1860 sankalemba mayina a akapolo, pansi pa dzina la mwini wawo ankangolemba zaka, mwamuna kapena mkazi ndi khungu, basi. Kalembera woyamba kulemba mayina a anthu omwe anali akapolo ndi wa 1870. Ndiye munthu wakuda wa ku America akamafufuza makolo ake amayenda bwinobwino mpaka 1870 kenako n'kugunda khoma. Chomwe chimamuwolotsa ndi mawilu ndi mindandanda ya katundu ya eni akapolo, chifukwa mmenemo munthu ankalembedwa ndi dzina, pakati pa akavalo ndi mipando, ndi mtengo wake pambali. Taganizani kupeza agogo a agogo ako kwa nthawi yoyamba pa mzere wotero, akuperekedwa kwa mwana wa bwana ngati mphatso, mwana wawo akuperekedwa kwa wina. Zimawawa, koma dzinalo ndi limenelo, ndipo anthu amalira n'kulitenga kupita nalo kwawo. George Washington, pulezidenti woyamba wa America, mu wilu yake ya 1799 anatchula kapolo wake William Lee ndi dzina n'kumumasula nthawi yomweyo, anthu ena 123 omwe anali akapolo ake anati adzamasulidwe mkazi wake akadzamwalira, ndipo mndandanda womwe analemba chaka chomwecho wa akapolo 317 a pa munda wake wa Mount Vernon ndi umene zidzukulu zawo zimayambirapo.

Ku Cape Town nakonso ofesi yoyang'anira chuma cha ana amasiye inakhazikitsidwa mu 1673 pansi pa Adatchi, ndipo mindandanda yake ya katundu wa omwalira ikusungidwabe. Mmenemo akapolo analembedwa ndi dzina lomwe bwana anawapatsa, ena anangopatsidwa mayina a miyezi ngati Januarij kapena September, kutsogolo kwake n'kulemba komwe anagwidwa, van Mosambique, van Madagascar, van Bengalen. Dzina lenileni lomwe mayi ake anamupatsa linatayika, koma kachidutswa kameneka kokha ndi komwe kakuuza mabanja lero kuti kholo lathu linachokera tsidya liti la nyanja. Dziko la Britain pothetsa ukapolo ndi lamulo la 1833 linalipira mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, osati kwa akapolowo, ndipo kuti alipidwe ankayenera kusonyeza anthu omwe anali nawo, ndiye makaundula a akapolo a zaka zimenezo ndi omwe mabanja a ku Jamaica ndi Barbados akugwiritsa ntchito tsopano.

Ndiye sindikunena kuti pepala ndi chilungamo ayi. M'madera ambiri padziko chikalata choyamba cha malo chinalembedwa ndi amene anabwera kudzalanda, ndipo anthu omwe makolo awo ali m'manda pamalo pomwepo sanatchulidwe n'komwe kapena anangolembedwa ngati anthu okhala pa malo a eni. Ku South Africa lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi magawo 7 okha pa 100 alionse a dziko lawo. Koma lamulo lobweza malo litabwera mu 1994, mabanja anakafukula mapepala akale omwewo, malisiti a lendi, makalata owathamangitsa, mapu, kuti asonyeze kuti tinali pano. Ndiye olo banja lanu silinakhalepo ndi wilu kapena chikalata cha umwini, musati ife mulibemo. Yang'anani m'mapepala a amene anali mwini malo, a neba, a bwana amene agogo ankamugwirira ntchito, yang'anani pa mzere wa mboni, pa mndandanda wa olipira lendi kapena msonkho, pa milandu ya malire chifukwa pa mlandu wa malo anthu amafotokoza mzere wa makolo awo wonse pamaso pa woweruza ndipo kalaliki amalemba.

Chomwe chimandiopsa n'choti pepala ndi chinthu chosachedwa kutha. Pa 30 June 1922, nkhondo ya pachiweniweni itayamba ku Ireland, nyumba yosungira zolemba za boma ku Four Courts mu Dublin inaphulika n'kupsa, zolemba za zaka mazana asanu ndi awiri zinasanduka phulusa tsiku limodzi, kuphatikizapo mawilu ambiri akale ndi makalembera a 1821 mpaka 1851. Mukudziwa chomwe chinapulumutsa ofufuza makolo awo kumeneko? Zolemba za malo. Kaundula wa Richard Griffith wa pakati pa 1847 ndi 1864, yemwe analembedwa pofuna kudziwa msonkho wa malo alionse, anatchula munthu wokhala pa munda ulionse ndi mwini wake, ndipo ofesi yolembetsa zikalata za malo yomwe inayamba mu 1708 inali m'nyumba ina ndiye sinapse. China chomwe chinathandiza ndi makope omwe anthu wamba, maloya ndi ofufuza anakopera moto usanachitike, n'kusunga m'nyumba zawo. Patatha zaka 100, mu 2022, anatsegula nkhokwe ya pa intaneti yosonkhanitsa makope otere ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Zomwe zinapulumuka ndi zomwe zinali ndi kope kwina.

Ine nditafuna kupeza kope la chikalata cha malo a agogo aja ndinapita ku ofesi ina yosunga zoterezi. Bambo amene anandithandiza anali munthu wabwino, anasiya ntchito yake n'kundiperekeza kuchipinda cha kumbuyo, koma zomwe ndinaona kumeneko zinandifoola nkhongono. Mafayilo ataunjikidwa pansi, ena atamangidwa ndi chingwe, khoma likuonetsa pomwe madzi a mvula anadutsa, fungo la chinyontho kungotsegula chitseko. Buku lomwe tinkafuna tinalipeza, lalikulu lachikuto cholimba, koma masamba a chaka chomwe ndinkafunacho anali atamatana ngati chibuma, kungoyesa kutsegula akunyenyeka m'manja. Tinalitseka n'kulibweza. M'masamba amenewo munali mayina a mabanja angati? Sipanafunike bomba ngati ku Dublin, denga lodontha lokha linakwanira. Ndiye kuti kapepala ka m'kajumbo kaja, komwe wina anati tayani, mwina ndi kokhako katsala.

Chonde owerenga anzanga, musadikire maliro kapena mlandu. Pemphani amene akusunga mapepala a pabanja panu akuonetseni, ndipo muwauze poyera kuti simukufuna munda, mukufuna mayina, chifukwa anthu amachita mantha ukangotchula wilu amaganiza kuti wayamba kuwerengera chuma chawo. Yalani pepala pa tebulo pamalo owala, jambulani ndi foni tsamba lililonse kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kumbuyoko nthawi zambiri kumakhala zidindo ndi timawu ta pamanja tofunika kwambiri, envelopu nayonso ijambuleni. Tumizani zithunzizo kwa abale atatu anayi okhala malo osiyana, foni imabedwa, imagwera m'madzi. Pepala lenilenilo musalimate ndi selotepi, imasiya banga ndipo imadya inki, musalipititsenso kokaliphimba ndi pulasitiki wotenthetsa uja chifukwa akamatira samatukanso. Chotsani mapini a dzimbiri, liikeni lotambasula mu fayilo pamalo ouma. Kenako lembani pa pepala lina dzina lililonse lomwe latchulidwa, olandira, mboni, maneba, wotayipa yemwe, mupite nalo kwa munthu wamkulu kwambiri pabanja panu muziwerenga limodzilimodzi osathamanga, foni ikujambula mawu. Amene muli ndi intaneti yesaninso FamilySearch, webusaiti yofufuzira makolo, ndi yaulere ndipo akhala akujambula zolemba zakale m'mayiko ambiri kuyambira 1938.

Ndipo inu amene mukuganiza zolemba wilu yanu, lembani ndithu, kulemba wilu sikuitana imfa. Polemba musangoti ana anga onse agawane mofanana. Atchuleni mayina onse athunthu mmodzimmodzi, tchulani mayi awo ndi dzina la kwawo, nenani kuti uyu ndi mwana wa mlongo wanga amene ndinamulera, nenani kuti malo awa ndinawapeza bwanji ndipo anali a ndani kale. Zimachepetsa mikangano, komanso kudzakhala mdzukulu wina amene adzawerenge ndi tochi usiku ngati momwe ndinachitira ine.

A Mkonzi, pempho langa kwa inu ndi loti mutipatseko kakona mu nyuzipepala muno, olo kamodzi pamwezi, komwe anthu odziwa za malamulo ndi osunga zolemba zakale angatifotokozere m'chinenero chathu momwe munthu wamba angapemphere kuona wilu yakale kapena kaundula wa malo, komanso atolankhani anu akayendereko zipinda zomwe mabuku amenewa akusungidwa aone okha momwe zilili.

Azakhali aja anatisiya patangopita miyezi yochepa chichezereni nawo. Mawu awo ndili nawo, maola awiri ndi theka, ndinatumiza kale kwa azisuweni onse. Mkulu wawo uja sindinamupeze, koma pa tepi pamenepo azakhali anatchula dzina la mwamuna wake ndi la mwana wake woyamba, ndipo mwezi watha msuweni wanga wina anandiimbira kuti kuntchito kwake kuli mayi wa dzina la banja lomwelo amene akuti agogo ake anali telala. Tapangana kuti tikumane mwezi wa mawa, ndipita ndi fotokope ya tsamba lachiwiri lija.

Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.